Kodi n'kulakwa kufinya chigawenga kuti chiulule pamene pali bomba?

Mbewe wa ku Joni analemba:

Abale anga, ndili ndi funso limene landisowetsa mtendere, ndipo ndikupempha kuti mundiyankhe mosapita m'mbali. Ine ndimagwira ntchito yaulonda pa mall ina yaikulu kuno ku Johannesburg. Loweruka ndimaima pachipata n'kumaona amayi akukankha tingolo togulira zinthu, ana atakwera momwemo. Nthawi zina maganizo amandithawira ku Westgate, ku Nairobi, kumene mu September 2013 anyamata a al-Shabaab analowa ndi mfuti n'kupha anthu 67. Pa malo oterewa oyamba kukumana ndi mfuti ndife a pachipata. Ndimakumbukiranso za ku Garissa, ku Kenya komweko, mu 2015, kumene ophunzira a pa yunivesite anadzutsidwa m'bandakucha ndi zipolopolo, anthu 148 n'kufa. Ku Cabo Delgado nako, kwa anansi athu a ku Mozambique, anthu akhala akudulidwa mitu chiyambire 2017.

Tsono tiyerekeze kuti apolisi agwira mmodzi wa anthu amenewa. Akudziwa kuti watchera bomba penapake mumzinda ndipo liphulika madzulo ano. Amufunsa bwinobwino, iye wangoti duu. Kodi akamufinya, kaya ndi chikwapu kaya kumumiza m'madzi mpaka anene, alakwa? Mbali ino kuli ululu wa munthu mmodzi amene anasankha yekha kupha, mbali inayo kuli ana a eni amene sadziwa kanthu.

Ndikudziwa kuti pangano la United Nations la mu 1984 limaletsa kuzunza munthu ngakhale pa nthawi ya nkhondo, ndiponso kuti gawo 19 la malamulo aakulu a dziko lathu la Malawi limanena zomwezo. Koma mtima wanga ukukana. Ine nditakhala m'chipinda chimenecho ndikhoza kumumenya ndithu. Ndine munthu wopemphera, ndipo zimandivuta kugwirizanitsa maganizo amenewa ndi zimene ndimamva kutchalitchi. Amene mukuzidziwa bwino zimenezi ndithandizeni.

Gama Womasulira anayankha:

A Mbewe, funso lanu ndi la munthu amene amadera nkhawa anzake, ndipo sindikudzudzulani. Ine ndinagwira ntchito yomasulira m'makhoti mpaka ndinapuma, choncho anthu ovomera mlandu atafinyidwa ndinawaona ndi maso angawa. Koma tiyambe tapita ku America, chifukwa zimene inu mukungoyerekezazi iwo anazichita zenizeni, ndalama zilipo, madokotala ataima pambali, maloya a boma atalemba makalata oti n'zololedwa.

Pa 11 September 2001 anthu pafupifupi 3,000 anaphedwa ku America ndi zigawenga za gulu la al-Qaeda, ndipo akuluakulu a ku Washington ankakhulupirira kuti chiwembu china chili m'njira. Mu March 2002 anagwira Abu Zubaydah, amene ankamuganizira kuti ndi mmodzi wa akuluakulu a gululo, ku Faisalabad, m'dziko la Pakistan, ali ndi mabala a zipolopolo, n'kukamutsekera kundende yachinsinsi ku Thailand. Oyamba kumufunsa anali a FBI, apolisi ofufuza milandu a ku America. Mmodzi wa iwo, Ali Soufan, anabadwira ku Lebanon ndipo Chiarabu ndi chiyankhulo chake chobadwa nacho. Anthu amenewa anamusamalira wodwalayo, kumupukuta, kumunyowetsa milomo ndi madzi oundana, Soufan n'kumamuitana Hani, dzina limene mayi ake ankamuitanira. Pa macheza amenewo ndi pamene Zubaydah ataona chithunzi ananena kuti uyu ndiye anakonza za pa 11 September, kutanthauza Khalid Sheikh Mohammed. Apa n'kuti palibe amene wamukhudza ndi chala.

Kenako bungwe la akazitape la CIA linati munthuyu akubisa zambiri, n'kumupereka m'manja mwa akatswiri a zamaganizo awiri, James Mitchell ndi Bruce Jessen, amene anali asanagwirepo ntchito yofunsa akaidi. Kampani yawo pomaliza inadzalandira madola 81 miliyoni. Mu August 2002 anayamba. Ankamumangirira chagada pa thabwa, mutu uli kumunsi, kumuphimba nsalu pakamwa ndi pamphuno, n'kumathira madzi pansalupo mpaka thupi lake lizimva kuti akumira. Zimenezi, zimene amazitcha waterboarding, anamuchita ka 83 m'mwezi umodzi umenewo. Anamutsekeranso m'bokosi langati la maliro kwa maola 266 tikaphatikiza onse. Tsiku lina anakomokeratu, thovu likutuluka m'kamwa modzaza madzi. Ena mwa antchito a CIA amene ankaonerera anafika pogwetsa misozi. Ofunsa eni akewo anatumiza uthenga kulikulu kuti akuona kuti munthuyu alibe zimene akufunazo, koma kulikulu anati pitirizani. Za chiwembu chatsopano cha ku America sanatulutse kanthu, chifukwa analibe. Wakhala m'manja mwa boma la America zaka zoposa 20, zambiri mwa izo kundende ya Amerika ya ku Guantanamo, osazengedwa mlandu.

Apa ndi pamene ine ndimaona kuti funso lanu lapendekera. Mwanena kuti apolisi "akudziwa". M'chipinda chofunsiramo mafunso palibe amene amadziwa, amangoganizira. Ndipo munthu amene wakhala chete chifukwa sakudziwa kanthu amaoneka chimodzimodzi ndi wouma mutu amene akubisa. Ndiye wofunsayo amatani? Amawonjezera. Wosalakwa ndi amene amazunzika kwambiri, chifukwa alibe choona choti apereke kuti amusiye.

Nanga amene akudziwadi? Khalid Sheikh Mohammed anagwidwa ku Rawalpindi mu March 2003 ndipo anamuthira madzi aja ka 183. Analankhula zambiri, eya. Mwa zina anati anatuma munthu kukakopa Asilamu akuda a ku Montana kuti alowe uchigawenga. Akazitape anathamanga nayo nkhaniyo, kenako mwini wakeyo anadzavomera kuti anangopeka kuti amuleke. Atamufunsa za Abu Ahmed al-Kuwaiti, mthenga amene pomaliza anafikitsa Amerika pakhomo la Osama bin Laden, mtsogoleri wa al-Qaeda, ku Abbottabad m'dziko la Pakistan mu 2011, anawasocheretsa, ati munthuyo ndi wosafunikira. Kuzunza kuli ngati kugwedeza mtengo wa mango: amagwa akupsa ndi aawisi omwe, tsono pa tsiku la bomba mulibe nthawi yosankha. Chigawenga chimene chikudziwa kuti bomba liphulika 6 koloko chingokutumizani kumsika wolakwika mpaka 6 koloko ikwane.

Imene imandiwawa kwambiri ndi ya Ibn al-Shaykh al-Libi, mkaidi wina woganiziridwa uchigawenga. Amerika anamupereka kwa akazitape a ku Egypt, ndipo atamuzunza ananena kuti boma la Saddam Hussein ku Iraq linkaphunzitsa al-Qaeda za zida za poizoni. Pa 5 February 2003 Colin Powell, amene anali nduna yoona zakunja ya America, anaima pamaso pa United Nations n'kugwiritsa ntchito mawu amenewo ngati umboni. Mwezi wotsatira nkhondo ya ku Iraq inayamba. Mu 2004 al-Libi anabweza mawu ake onse, nati ananena zimene omuzunzawo ankafuna kumva. Pamenepo n'kuti anthu akuikidwa kale m'manda ku Baghdad ndi ku Fallujah. Mukamawerenga miyoyo imene kuzunza kungapulumutse, muwerengenso imeneyi.

Pa 9 December 2014 komiti ya nyumba ya malamulo ya Senate ku America, motsogozedwa ndi mayi Dianne Feinstein, inatulutsa chidule cha lipoti lake itawerenga zikalata za CIA yomweyo. Inapeza kuti anthu 119 anasungidwa m'ndende zachinsinsi, osachepera 39 anazunzidwa mwa njira zimenezi, ndipo osachepera 26 sankayenera kusungidwa n'komwe. Ena ankawaletsa kugona mpaka maola 180, ataimirira, manja atamangidwa m'mwamba. Mkaidi wina, Gul Rahman, anamusiya atamangidwa unyolo pasimenti, wopanda chovala kumunsi, m'nyengo yozizira ya ku Afghanistan mu November 2002, ndipo m'mawa anamupeza atafa. Komitiyo inati nkhanzazi sizinali njira yothandiza kupeza uthenga woona.

Palinso mbali ya khoti, imene ine ndimaidziwa bwinoko. Pa 7 August 1998 mabomba anaphulika pa maofesi a kazembe wa America ku Nairobi ndi ku Dar es Salaam, n'kupha anthu 224, ambiri mwa iwo Afirika anzathu. Anthu anayi amene anafufuzidwa mwa njira ya masiku onse anazengedwa mlandu ku New York mu 2001 n'kupatsidwa ukaidi wa moyo wonse. Koma Ahmed Ghailani wa ku Tanzania, woimbidwa mlandu wa mabomba omwewo, amene anadutsa m'manja mwa CIA, pa mlandu wake mu 2010 woweruza anakana mboni yaikulu ya boma chifukwa dzina la mboniyo linapezeka pomufinya Ghailani yemweyo. Pa milandu yoposa 280 anamupeza wolakwa pa umodzi wokha. Anapatsidwa ukaidi wa moyo wonse, inde, koma panangotsala pang'ono kuti apulumuke. Khalid Sheikh Mohammed naye wakhala m'ndende zaka zoposa 20 mlandu wake usanafike pozengedwa, makamaka chifukwa cha mkangano wa umboni wopezeka mwa nkhanza. Makolo a anthu amene anafa pa 11 September ena amwalira akudikira chigamulo.

Che Jafali wa ku Mangochi anayankha:

Achimwene a Mbewe, ine ndingowonjezera pa mawu akuti "akudziwa". Mwina munali wamng'ono mu June 2003. Ku Blantyre anagwira alendo asanu, awiri a ku Turkey, wina wa ku Saudi Arabia, wina wa ku Sudan, wina wa ku Kenya, anthu amene ankagwira ntchito m'masukulu ndi m'mabungwe othandiza a Chisilamu. Anati ndi a al-Qaeda, amasonkhanitsira gululo ndalama. Khoti lalikulu linalamula kuti asatulutsidwe m'dziko muno, awonekere kukhoti. Anawakweza ndege basi, mogwirizana ndi Amerika, lamulo la khotilo lili chikhalire. Apa pulezidenti anali a Bakili Muluzi, Msilamu mnzathu.

Kuno ku Mangochi kunavuta. Anyamata anakwiya, anaswa matchalitchi, anawononga katundu wa anthu amene sanalakwe kalikonse. Zimenezo sindinazivomereze tsiku limenelo ndipo sindizivomereza lero. Anthu amene tinkagulitsana nawo nsomba padoko, amene tinkalira nawo maliro amodzi, tinayamba kuyang'anana ndi diso lina kwa nthawi yaitali.

Patangotha pafupifupi mwezi umodzi, amuna asanu aja anamasulidwa ku Khartoum popanda mlandu uliwonse. Tsiku limene ankagwidwa, aliyense wa m'boma ankalankhula ngati akudziwa. Taganizani lamulo likanakhala lakuti woganiziridwa uchigawenga mukhoza kumumiza m'madzi. Ife ovala mikanjo ndi zikofia funso lanulo timalimva mosiyana ndi inu, chifukwa tikudziwa amene angayambe kugonekedwa pa thabwalo.

Mayi a Tadala, Leeds anayankha:

Bambo Gama, zikomo chifukwa cha zonse mwafotokozazi, koma mundikhululukire, sindikugwirizana nanu pena. Choyamba, a CIA eni ake anatsutsa lipoti lija, ndipo aphungu a chipani cha Republican a m'komiti yomweyo analemba maganizo awoawo otsutsa. John Brennan, amene ankatsogolera CIA nthawi imeneyo, anati akaidi ena amene anazunzidwa anaperekadi uthenga wothandiza, kungoti n'zosatheka kudziwa ngati ukanapezeka mwa njira ina. Ndiye kunena kuti kuzunza sikutulutsa choona ngakhale kamodzi, ine sindikhulupirira. Tikatsamira pa mfundo imeneyo yokha, tsiku limene wina adzaonetse kuti zinathandiza, tidzasowa chonena.

Pali nkhani ya ku Frankfurt, ku Germany. Si ya uchigawenga koma ndi funso la a Mbewe lenileni. Mu September 2002 mnyamata wa zaka 11, Jakob von Metzler, mwana wa m'banja la eni banki, anabedwa akuchokera kusukulu. Wakubayo, Magnus Gäfgen, wophunzira zamalamulo, anafuna dipo la mayuro 1 miliyoni. Apolisi anamuona ndi maso akutenga ndalamazo, ndiye panalibe zoganizira. Atamugwira anayamba kuwanamiza, kutchula malo abodza, kuloza anthu osalakwa. Masiku anali atadutsa, ndipo apolisi ankaganiza kuti mwanayo watsekeredwa penapake wopanda madzi. Wachiwiri kwa mkulu wa apolisi mumzindawo, Wolfgang Daschner, analamula kuti amuuze kuti akapanda kunena amva ululu umene sanaumvepo. Sanamumenye, anangomuopseza. Pa mphindi zochepa ananena malo enieni, padziwe lina kunja kwa mzinda. Mwanayo anapezeka atafa, anali atamupha tsiku lomwe anamuba.

Daschner analemba yekha zimene anachita n'kuziika mu failo ya mlandu. Mu December 2004 khoti linamupeza wolakwa, koma linangomuchenjeza ndi chindapusa chimene akanalipira pokhapokha atalakwanso. Ine ndine mayi wa ana awiri. Wanga atabedwa, ndingafune wapolisi ngati Daschner, ndipo sindingabise. Maganizo anga ndi akuti lamulo loletsa likhale momwe lilili, lisatsegulidwe ngakhale pang'ono. Koma munthu amene wafika pamene anafika Daschner, n'kusankha kuliphwanya poyera, n'kudzipereka yekha kukhoti, ine sindingamutche woipa.

Gama Womasulira anayankhanso:

Mayi a Tadala, mwanena zoona kuti munthu wopanikizidwa nthawi zina amanena choona, ndipo ine sindikana zimenezo. Za Daschner nanenso ndimamumvera chifundo. Koma taonani chimene chimachititsa kuti timumvere chifundo: analemba, anadziulula, anakaima pamaso pa woweruza. A Daschner ndi osowa. A CIA anajambula pa vidiyo zimene ankachita kwa Zubaydah, ndipo mu 2005 anawononga matepi 92. Pa imfa ya Gul Rahman palibe amene anazengedwa mlandu. Ku Israel, komiti ina mu 1987 inalola kupanikiza pang'ono oganiziridwa pofuna kupewa ziwembu, ndipo zinasanduka ntchito ya tsiku ndi tsiku pa akaidi a ku Palestine mpaka khoti lalikulu la dzikolo linaletsa mu 1999. Palinso china chimene funso la bomba limabisa. Munthu wodziwa kuzunza osapha satulukira tsiku la bomba lomwelo. Amayenera kukhala ataphunzira, ali ndi chipinda chake, zipangizo zake, dokotala wake, ndipo luso limenelo amaliphunzirira pa matupi a anthu, chaka ndi chaka, masiku onse amene kulibe bomba.

Ife nkhani yofanana ndi ya ku Frankfurt tili nayo yathu. Mu February 2019 mnyamata wachialubino wa zaka 14 anabedwa ku Dedza. Dziko lonse linali litakwiya, ndipo m'pomveka. Buleya Lule, amene omangidwa anzake anamutchula pa mlanduwo, anafera m'chitokosi cha apolisi ku Lilongwe patangopita masiku ochepa. Thupi lake litapimidwa zinapezeka kuti anaphedwa ndi magetsi, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission linati anazunzidwa. Apolisi angapo anadzamangidwa. Mwanayo sanapulumutsidwe. Ngati Lule ankadziwa anthu amene amagula ziwalo za abale athu achialubino, anapita nawo mayinawo kumanda. Ngati sankadziwa, ndiye kuti tinapha munthu wosalakwa m'dzina la mwana. Kulikonse kumene mungaitembenuzire, opindula ndi ogula ziwalo aja.

Ndikumbuka bambo wina wa kumudzi amene ndinamumasulira pa mlandu wa kuba ng'ombe. Analowa m'khoti akuyendera m'mphepete mwa mapazi, chifukwa kunsi kwake kunali kotupa. Pa pepala lovomera mlandu panali chidindo cha chala, ngakhale anali munthu wodziwa kulemba dzina lake, chifukwa tsiku limenelo zala sizinkatha kugwira cholembera. Pepalalo linali m'Chingelezi chimene iye sankachimva. Ine ndi amene ndinaliwerenga m'Chichewa, iye n'kumapukusa mutu pa chiganizo chilichonse. Mawu amene sananene anatulukira pakamwa panga, ndipo mpaka lero zimandipweteka. Gawo 176 la malamulo a kazengedwe ka milandu limalola khoti kulandira pepala lotere ngakhale mwini wake akunena kuti anamukakamiza. Woweruza amangoyenera kukhutira pambuyo pake kuti munthuyo ananenadi mawuwo ndipo ndi oona. Malinga ngati pepala la kuchitokosi likulowa m'khoti mwa njira imeneyi, wapolisi wosowa galimoto, wosowa mafuta, wosowa zipangizo zofufuzira, apitirizabe kuona kuti njira yachidule ndi kunsi kwa mapazi a munthu. Ndipo izi zikuchitika kuzunza kuli koletsedwa, mayi, ndiye litati litseguke khomo la zigawenga, mbava ya ng'ombe ingadzalowere pomwepo.

Mbewe wa ku Joni anayankha:

Ndathokoza nonse, ndawerenga kawiri. Mayi a Tadala, inu mwanena zimene zinali mumtima mwanga. Pa munthu amene ndamuona ndi maso anga akutchera bomba pachipata changa, sindikulonjeza kuti manja anga angakhale m'thumba. Koma zoti pakhale lamulo lololeza, ayi, pamenepo Che Jafali andigwira. Kuno ku Joni kukasowa kanthu, woyamba kulozedwa chala ndi ife obwera, Mmalawi, Mzimbabwe, Msomali wa pa shopu. Pa funso langa lija ndimadziika kumbali ya wofunsa mafunso, chonsecho kuno ndine mmodzi wa amene angagwidwe.

Bambo Gama, gawo 176 mwatchulalo ndikulimva koyamba. Zimatheka bwanji kuti likhalepo pamodzi ndi gawo 19 la malamulo aakulu, ndipo amene angalisinthe ndi makhoti kapena aphungu ku Nyumba ya Malamulo?